Choko ndi tabuleti: mibadwo iwiri ikuphunzira bwanji m'Chigwa cha Shire?

Takulandirani nonse amene mukutionera. Mphunzitsi amene anayamba ntchito mu 1994, boma litangoyambitsa maphunziro aulere a pulayimale, anazolowera choko, bolodi ndi khwimbi la ana, nthawi zina pansi pa mtengo, ndipo luso lake analitola poonera anzake amene anamutsogolera pantchito. Kuyambira mu 2023, Unduna wa Zamaphunziro wakhala ukupereka matabuleti m'sukulu za pulayimale kudzera mu pulogalamu ya BEFIT, kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira kuwerenga ndi masamu. Mwana amavala zomvera m'makutu, tabuleti imamulankhula m'Chichewa, iye n'kumayankha pogwira ndi chala. Matabuletiwa amatchajidwa ndi mphamvu ya dzuwa, ndipo kufunika kwake ife a kuno timakudziwa bwino, popeza sitinaiwale mmene namondwe Ana anaonongera malo opangira magetsi a Kapichira mu 2022.

Mphunzitsi wachinyamata sachedwa kuizolowera tabuleti, pakuti wakula ndi foni m'manja. Koma ku Nsanje ndi madera ena a Chikwawa, ana ambiri amafika kusukulu akulankhula Chisena, ndipo mwana akangoti duu, chala chili m'malere, kawirikawiri ndi mphunzitsi wachikulire uja amene amazindikira kuti mwanayo masamu akuwadziwa, chamusokoneza ndi mawu amene wamva. Amawerama, n'kumufotokozera m'chilankhulo cha kwawo, mwana n'kupitiriza.

Kuminda yothirira ya ku Nchalo ndi kwa alimi a thonje a ku Ngabu nkhani yake ndi yomweyi. Mnyamata amaonera pa WhatsApp kakonzedwe ka pampu yamadzi, pomwe wamkulu amangomva kulira kwake n'kudziwa kuti yayamwa mchenga.

Chimene chimatidetsa nkhawa n'chakuti mwambo wathu unazolowera kuti nzeru zimachokera kwa akulu kupita kwa ana, choncho bambo wa imvi zake amachita manyazi kufunsa mnyamata wamsinkhu wa mwana wake kuti, “Kodi apa ndidine pati?” Maphunziro a masiku ochepa kuboma sathetsa manyazi amenewa, chifukwa munthu akabwerera amasowa womufunsa. Ife tikuona kuti aphunzitsi aakulu a sukulu ndi akapitawo ayenera kuika wamkulu ndi wachinyamata pantchito imodzi sabata ndi sabata, ndi kunena poyera kuti aliyense mwa awiriwo wapatsidwa udindo wophunzitsa mnzake.