Wodi si sitolo: zimene zachitika ku naiti

Moni nonse a kuno ku Joni, a ku Cape Town, a ku Durban, ndi inu a kumudzi amene mumamvera bandulo ikalola. Pepani mawu asasa, ndangotsika taxi kuchokera ku naiti, shifiti ya usiku ku chipatala, ngakhale yunifomu sindinavule. Nkhani ya mapepala a SANC, bungwe lolembetsa ndi kuyang'anira anamwino kuno ku South Africa, idikire kaye, lero mtima uli pena.

Dzulo tikulandirana shifiti, abwana a wodi anayang'ana pa kompyuta n'kunena kuti odwala achepa, ndiye nesi mmodzi wa ejensi, wa ganyu, abwerere kunyumba. Mtsikanayo anali atalipira kale thiransipoti kuchokera ku Tembisa. Inde pa nambala anachepa, koma otsalawo anali otani? Bambo wongochoka ku opareshoni, mayi wa shuga wofunika kumuyeza pafupipafupi, ndi agogo ena amene sangathe kudzitembenuza okha. Kompyuta imawerenga mabedi basi. Siidziwa kuti agogo aja kuti amwe phala, pamafunika munthu akhale pambali pawo, awadikire ameze, awapukute pakamwa.

Agogo omwewo, a medical aid, inshuwalansi yowalipirira chipatala, akana kuwonjezera masiku. Mwana wawo wamkazi anaima pakhonde foni ili kukhutu, misozi ili chuchuchu, akuuzidwa kuti chilolezo chatha, mawa atuluke. Chilonda cha pamsana sichinapole, ndachitsuka ndekha, ndikudziwa. Anandigwira dzanja, amvekere, “Sister, mukanakhala inu mukanatani?”

Ndiye pali nkhani ya sitoko. Inu ogwira m'zipatala zolipira mukuidziwa, sindichita kufotokoza. Bandeji, jakisoni, chubu cha dripi, chilichonse chilowe pa bilu ya wodwala, chikasowa chimodzi uitanidwa ku ofesi. Pakati pa usiku belu likulira ku chipinda cha kumapeto, ine ndili m'kabati kuwerenga masirinji. Ndinatseka kabatiyo n'kuthamangira belu. Akafuna kundifunsa, andifunse.

Musandimve molakwa, sindikunena kuti kwathu n'kosavuta. Ndagwirapo m'zipatala za boma, odwala ena atagona pansi, magolovesi atatha, mankhwala n'kumauza abale kuti akagule okha. Koma kwathu kuli magadiyani. Mayi amagona pansi pa bedi ya mwana wake, m'mawa wabwera ndi phala m'kontena, wamusambitsa kale. Zimenezo ndimazisowa kwambiri. Kuno makina ngapamwamba, zipinda zonunkhira, koma usiku wodwala ali yekhayekha, gadiyani wake ndiwe. Ndipo ife amene tinaphunzira ku Kamuzu College of Nursing sitigwedezeka wambawamba. Mtsempha umene ena aulephera, timaupeza ndi kuwala kwa foni. Madokotala a kuno amadziwa, akavutika amati itanani sister wa ku Malawi uja.

Ena mumati ndimakokomeza. Kumbukirani za Life Esidimeni. M'chaka cha 2016 boma la Gauteng, pofuna kuchepetsa ndalama, linasamutsa odwala matenda a maganizo oposa 1,000 kuchoka ku zipatala za kampani ya Life Esidimeni kupita ku mabungwe ang'onoang'ono, ena opanda ziphaso zoyenera. Anthu 144 anamwalira, ena ndi njala, ena ndi kusowa madzi m'thupi. Mu 2018 woweruza wopuma, a Dikgang Moseneke, analamula kuti banja lililonse lipatsidwe R1.2 miliyoni. Ndalama imene ankafuna kupulumutsa ija inatulukabe, anthu atapita kale. Zinayambira pa tebulo la bajeti, osati pa wodi.

Tsono achemwali ndi achimwene, ndikupempheni, lembani. Akakuchotserani munthu pa shifiti, lembani nthawi yake, amene walamula, ndi odwala amene mwatsala nawo. Wodwala akagwa, a SANC sakafunsa za bajeti, akafunsa siginecha ya ndani ili pa fayilo. Lowani DENOSA, bungwe lomenyera ufulu wa anamwino, kapena bungwe lina la ogwira ntchito. Ndikudziwa mantha athu: pemiti, lendi, fizi ya ana, malata a nyumba ya amayi ku Mulanje. Timauzana kuti mlendo ndi mame, khala chete udye zako. Koma lumbiro limene tinalumbira titanyamula kandulo silinanene kuti ukawoloka Beitbridge lithe ntchito. Wodwala amene wagona pamaso pako alibe wina womulankhulira nthawi imeneyo.

M'mawa uno ndinawadikira adokotala pakhomo la wodi, ndinawaonetsa chilonda chija, ndipo avomera kulemba kalata yopempha a medical aid kuti aganizenso. Lipoti la kuchepa kwa anamwino ndalembanso, kope lina lili m'chikwama changa. Yankho ndikalimva madzulo ano. Amene mwakumana ndi zoterezi, tumizani mawu pa WhatsApp osatchula dzina la chipatala, tidzamvetsera limodzi sabata ya mawa. Ndikagone kaye, 7 koloko ndikhale nditafika.