Kumanga pulogalamu pa kompyuta imodzi kuti ikagwire ntchito pa purosesa ina

Zikomo nonse amene mwabwera. Nkhani yathu ndi cross-compiling, kutanthauza kumanga pulogalamu pa kompyuta ya x86_64 (ya purosesa ya Intel kapena AMD) kuti ikagwire ntchito pa makina a purosesa ina, monga ARM ya mu Raspberry Pi kapena RISC-V. Timatero chifukwa makina ang'onoang'ono amachedwa, ndipo ena alibe malo oikamo compiler, pulogalamu imene imamasulira code kukhala malangizo omwe purosesa imamva.

Mukamayendetsa configure, kapulogalamu kokonzekera ntchito yomangayo, pali mawu atatu: build ndi makina amene mukumangirapo, host ndi amene pulogalamuyo ikagwirirepo ntchito, pomwe target imakhudza okhawo amene akumanga compiler yeniyeniyo. Ambiri amasokoneza apa, n'kulemba --target pamene pakufunika --host=aarch64-linux-gnu (aarch64 ndi dzina la ARM ya 64-bit). Sindimawadzudzula kwambiri, chifukwa compiler yotchedwa Clang imagwiritsa ntchito liwu lomweli, --target, ponena za makina amene pulogalamu ikupitako. GCC, gulu lina la ma compiler, imafuna compiler yakeyake pa purosesa iliyonse, monga aarch64-linux-gnu-gcc, pamene Clang imodzi imakwanira mapurosesa ambiri.

Komabe compiler si imene imavutitsa anthu. Vuto lalikulu lili pa ma library (code yokonzedwa kale imene pulogalamu imagwiritsa ntchito) ndi mafayilo a header (amene amauza compiler zimene zili mu library). Pulogalamu yanu imadalira glibc, library yaikulu ya C pa Linux, mwinanso ma library ena monga zlib kapena OpenSSL, ndipo zonsezi ziyenera kukhala zomangidwira purosesa ya kumene ikupita. Mumazisonkhanitsa m'foda imodzi yotchedwa sysroot, kenako mumauza compiler ndi --sysroot kuti izifufuza mmenemo. Mukaiwala, linker (pulogalamu yolumikiza code yanu ndi ma library) ingatole library ya kompyuta yanu n'kukana kuti siyogwirizana, ndipo pamenepo muli ndi mwayi chifukwa mwachenjezedwa. Choopsa ndi header yolakwika imene yalowa mwakachetechete, pulogalamu n'kumangika bwinobwino koma n'kukasokonekera ili kale pa makinawo. N'chifukwa chake pkg-config, pulogalamu yosonyeza kumene kuli ma library ndi ma header, nayo iyenera kuuzidwa kudzera pa PKG_CONFIG_SYSROOT_DIR ndi PKG_CONFIG_LIBDIR, ndipo ngati mukumanga ndi CMake m'malo mwa configure, mulembe fayilo yotchedwa toolchain file yokhala ndi CMAKE_SYSTEM_NAME, CMAKE_SYSTEM_PROCESSOR ndi CMAKE_SYSROOT.

Onetsetsaninso kuti glibc ya mu sysroot si yatsopano kuposa ya pa makina, apo ayi pulogalamuyo ikhoza kukana kuyamba.

Mukamaliza, yendetsani lamulo la file pa pulogalamuyo kuti muone ngati likunena ARM aarch64. Mukaiyesa mwachindunji pa kompyuta yanu muona uthenga wakuti Exec format error, choncho iyeseni ndi qemu-aarch64, pulogalamu yotsanzira purosesa ya ARM, mukuisonyeza sysroot yomweyo ndi -L.