Kagalasi kakang'ono kamene kamapirira madzi otentha

[Chithunzi: m'mawa wa Juni ku Mzuzu, chifunga chaphimba nyumba ndi mitengo]

Moni nonse. Amene munagonapo kuno ku Mzuzu mwezi wa Juni kapena Julayi mukudziwa mmene simenti yapansi imazizirira. Alimi a nkhuku ndiye sagona n'komwe, amadzuka pakati pa usiku kukasonkhezera makala pa mbaula, chifukwa anapiye a sabata yoyamba amafuna kutentha kwa madigiri 32 mpaka 35.

Ilipo njira ina yofunditsira chipinda. Mumayala mapaipi pansi, kuthirapo simenti, kenako n'kumayendetsamo madzi ofunda a madigiri 35 mpaka 45. Pansi ponse pamafunda, popanda utsi. Aroma akale ankachita zofanana ndi zimenezi ndi mpweya wamoto, anthu a ku Korea nawonso ndi ondol yawo. Lero timagwiritsa ntchito madzi.

[Chithunzi: dzanja likuloza timachubu toonekera mkati pa chogawira madzi]

Koma ine lero ndabwera ndi kanthu aka. Amisiri amakatcha flow meter. Kamakhala pa manifold, pamene madzi amagawikira kupita m'zipinda, ndipo paipi iliyonse ili ndi kake. Mkatimu muli kachizindikiro kofiira ndi kasipuling'i. Madzi akamayenda, kachizindikiroko kamasuntha n'kuloza malita amene akudutsa pa mphindi, kawirikawiri kuyambira 0 mpaka 5.

Kufunika kwake n'kotani? Madzi amathamangira njira yachidule. Paipi yaifupi imatenga ambiri, yaitali imatsala ndi ochepa, ndiye chipinda china thukuta, china anthu akunjenjemera. Mmisiri amayang'ana apa, kutseka pang'ono uku, kutsegula uko, mpaka zilingane. Popanda kuona mkati, angoyenda mumdima.

Tsono anthu amati "kagalasi", koma nthawi zambiri si galasi ayi. Ndi pulasitiki, ndipo si pulasitiki wamba.

[Chithunzi: madzi owira akuthiridwa m'botolo la madzi akumwa, botolo likukhwinyata]

Mwaona? Botolo ili ndi la PET, limayamba kufewa cha pa madigiri 70. Acrylic, uja wa zikwangwani, amafika cha pa 105. Polycarbonate, pulasitiki ina yolimba yoonekera mkati, amafika cha pa 147, ndipo munthu angati basi tapeza. Ayi ndithu. Apa ndiye pamene ambiri amaphonya. Polycarbonate akakhalitsa m'madzi otentha, madziwo amadula pang'onopang'ono timaunyolo tosaoneka ndi maso timene timamugwirizitsa mkati. Kunja amaonekabe bwino, kenako timing'alu tosaoneka bwino tayamba, tsiku lina mupeza pansi pali chithaphwi.

N'chifukwa chake opanga amatembenukira ku banja lina. Polysulfone, imene kampani ya Union Carbide inatulutsa mu 1965, imafewa cha pa madigiri 185, ndipo madzi otentha saidya. Mbale wake PPSU amafika cha pa 220. Amayi ena mwamuonapo ameneyu: mabotolo ena omwetsera makanda, aja amaoneka ngati athiridwa kauchi, ndi a PPSU, chifukwa amapirira kuwiritsidwa tsiku ndi tsiku. Palinso nayiloni yoonekera mkati, monga Grilamid TR 90 ya kampani ya EMS ku Switzerland, imene imafika cha pa 155.

Chimene chimandisangalatsa ine ndi ichi. Nayiloni wamba imakhala yotuwa ngati mkaka chifukwa timaunyolo take timandandalikana m'timagulu, ndipo kuwala kukafika pamenepo kumabalalika. Mwa mapulasitiki awa timaunyoloto ndi topiringizana chabe, kuwala kumangodutsa. Komabe ndi touma, tosapindika msanga, ndiye kutentha sikugwedeza timaunyoloto msanga.

Wina afunsa: ngati madzi ake ndi a madigiri 45 okha, za 185 n'zachiyani? Funso labwino. Choyamba, kachubu aka kamapanikizidwa ndi madzi usana ndi usiku kwa zaka zambiri, ndipo pulasitiki imene ili pafupi ndi malire ake imafutukuka pang'onopang'ono mpaka kutayitsa. Chachiwiri chimatikhudza ife kwambiri, makamaka amene angatenthetse madzi ndi dzuwa. Magetsi akazima masana pampu n'kuima, madzi amene atsalira m'chotenthetsera cha dzuwa pa denga amatha kupitirira madigiri 150. Magetsi akabwera, madzi otenthawo amatha kutsikira m'mapaipi. Valavu yosakaniza madzi otentha ndi ozizira ndiyo iyenera kuteteza, koma ikalephera, kachubu aka kali m'njira.

[Chithunzi: botolo la thina, sipanala ndi kansalu pa tebulo]

Ngakhale zili choncho, pulasitiki yolimbayi ili ndi adani ake, ndipo amisiri anzanga mumve bwino apa. Thina wa penti, acetone (uja wochotsera penti ya zikhadabo) ndi zomatira zina zimang'alula polysulfone, makamaka pamene yamangidwa mothina. Penti akadontherapo, musapukute ndi thina. PPSU imapirira kuposa inzake, komabe musaiyese dala. Osamanganso ndi sipanala ngati bauti ya galimoto, dzanja likwanira. Dzuwa nalonso limaifooketsa, choncho manifold ikhale m'kabati kapena pamthunzi.

Pogula, funsani dzina la pulasitiki yake, ndipo werengani pa pepala lake madigiri ndi mphamvu ya madzi imene kangapirire. Pa shelefu acrylic ndi PPSU zonse zimawala, maso okha sangakuuzeni.

Mkati mwa kachubuka mukada ndi dzimbiri moti manambala sakuoneka, tsekani mavalavu a paipi imeneyo, masulani kachubuko monga mwa malangizo a opanga, tsukani ndi madzi ndi kansalu kofewa, bwezerani. Mukayatsa pampu, kachizindikiro kofiira kaja kasunthenso.