Chibadwa cha munthu, udzudzu ndi masamu a malungo

Zikomo amfumu, zikomo makolo nonse, ndi inu alangizi a zaumoyo amene mwatisonkhanitsa. Amene muli kumbuyoko senderani pafupi, chifukwa lero kuli manambala.

Funso lathu ndi ili. Ana awiri a bere limodzi, ogona pa mphasa imodzi, bwanji wina malungo amamugoneka m'chipatala pomwe mnzake amangotentha thupi n'kudzuka? Nanga kusiyana kumeneku kumasintha chiyani pa kafalidwe ka malungo m'mudzi?

Tiyambe ndi magazi. Chinthu chimene chimafiiritsa magazi, chija achipatala amati hemoglobini, chimapangidwa motsatira majini awiri, tinthu ta chibadwa timene mwana amatengera kwa makolo, jini imodzi yochokera kwa bambo, ina kwa mayi. Jini yofala timaitcha A, ina timaitcha S. Wolandira S mbali zonse, amene timalemba kuti SS, ndiye amadwala matenda a sickle cell. Wa AS, wolandira A mbali imodzi ndi S mbali ina, kawirikawiri sadwala matendawa, komanso malungo oopsa aja okomola kapena otha magazi amamugwira mwa apo ndi apo: pa ana 10 a AA ogwidwa ndi malungo otere, kwa a AS timayembekezera mmodzi yekha. Wofufuza wina, Anthony Allison, ndiye adaonetsa chitetezo chimenechi mu 1954, atayeza magazi a anthu ku Kenya ndi ku Uganda.

Masamu oyamba ndi awa. Tiyerekeze dera limene jini imodzi mwa 10 iliyonse ndi S. Pa ana 1,000 obadwa, a SS amapezeka pochulukitsa 0.1 ndi 0.1, ndiye kuti ana 10. A AA ndi 0.9 kuchulukitsa ndi 0.9, ana 810. Otsala 180 ndi a AS. Mwaona? Jini imene imapha ana ena mwa 10 aja ikuteteza ana 180, n'chifukwa chake siitha kumene malungo ali ambiri. Kumene kulibe malungo phindu lake limatha, ndipo imachepa pang'onopang'ono m'mibadwo. Kwa inu ofuna kulowa m'banja, mwamuna ndi mkazi onse akakhala AS, mimba iliyonse ili ndi mwayi umodzi mwa inayi wobala mwana wa SS. Ndati mimba iliyonse. Kubala wa SS koyamba sikutanthauza kuti atatu otsatira apulumuka.

Tsopano kafalidwe. Ronald Ross, amene mu 1897 adapeza tizilombo ta malungo m'mimba mwa udzudzu, adayambanso kuwerengetsa kafalidwe kake, ndipo George Macdonald adakulitsa ntchitoyo m'zaka za m'ma 1950. Masamu awo amafuna nambala imodzi, R0, kutanthauza chiwerengero cha anthu amene wodwala mmodzi angawapatsire m'mudzi umene anthu ake alibe chitetezo. Ikaposa 1 matenda amakula, ikachepera 1 amazilala. Poipeza amaona kuchuluka kwa udzudzu pa munthu mmodzi, kangati udzudzu umaluma munthu pa tsiku, ndi udzudzu ungati umakhala moyo masiku 10 mpaka 14 amene tizilombo timafuna kuti tikhwime mwa iwo. Kuluma kumawerengedwa kawiri, poti udzudzu uyenera kuluma potenga ndi kulumanso popereka. Choncho kuluma kukachepa ndi theka, R0 imatsika kufika pa gawo limodzi mwa magawo anayi. Mphamvu ya neti ili pamenepa.

Chibadwa cha munthu chimalowa m'masamuwa pa malo atatu: mwayi woti atenge tizilombo akalumidwa, masiku amene tizilomboto timakhala m'magazi mwake, ndi mwayi woti udzudzu womuluma utenge. Kudwala kwambiri kapena pang'ono ndi nkhani ina, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokoneza, ngakhale ophunzira amene. Wa AS amatenga tizilombo ndithu, chimene amapulumuka kawirikawiri ndi kudwala, makamaka kudwala koopsa. Kafukufuku wa ku Burkina Faso wofalitsidwa mu 2010 adadyetsa udzudzu magazi a anthu osiyanasiyana, n'kupeza kuti magazi a anthu a jini ya S kapena ina yotchedwa C amapatsira udzudzu mosavuta kuposa a AA. Ganizirani bwino. Munthu wosamva kudwala sapita kukayezetsa, samwa LA, ndipo amakhala ngati nkhokwe imene udzudzu umatapamo usiku uliwonse. Katswiri wolemba m'masamu ake kuti "wotetezedwa" n'kumuchotsa pa gulu la ofalitsa, R0 yake ituluka yochepa kuposa yeniyeni, ndipo boma lidzagula maneti ndi mankhwala osakwanira.

Chilipo chibadwa china chimene chimatsekadi njira. Anthu ambiri a kuno ku Africa alibe kanthu kena pa maselo ofiira kotchedwa Duffy, kamene mtundu wa malungo wa vivax umagwiritsa ntchito polowa. N'chifukwa chake vivax ndi wosowa kuno, pomwe ku India ndi ku Brazil ndi wofala. Komabe mu 2010 ku Madagascar adapezeka anthu opanda Duffy ali ndi vivax, kotero ngakhale apa wolemba masamu asaike ziro.

Nanga amadziwa bwanji kuti ichi n'chibadwa, osati malo okhala? Apa ndiye pali ntchito. Abale amafanana majini, koma amagonanso nyumba imodzi, pafupi ndi dambo limodzi, m'neti imodzi yobooka. Mukangowerenga kuti banja lakuti limadwala kwambiri, mungaimbe mlandu magazi pomwe vuto ndi chithaphwi cha kuseri kwa nyumba. Ndiye ofufuza amalemba mzere wa ubale wa mwana aliyense, nyumba imene amagona, zaka zake ndi nyengo, n'kumatsatira anawo kwa zaka zingapo, kuyeza magazi aliyense akatentha thupi. Kenaka amafananitsa achibale okhala nyumba zosiyana ndi ana osakhala pachibale ogona nyumba imodzi. Ku Kilifi, kugombe la Kenya, kafukufuku wotere wofalitsidwa mu 2005 adapeza kuti pa kusiyana kwa kadwalidwe ka ana, pafupifupi gawo limodzi mwa anayi limachokera ku majini, ndipo gawo lina lofanana nalo limachokera ku za pakhomo. Chodabwitsa n'chakuti jini ya S, ngakhale ili yotchuka chonchi, idangofotokoza kachigawo kakang'ono ka gawo la majinilo. Zotsalazo ndi majini ena ambirimbiri, iliyonse ndi kamphamvu kake kochepa.

Msampha wina ndi kusakaniza mitundu ya anthu. Ku Burkina Faso komweko a Fulani amadwala malungo mochepa kuposa a Mossi okhala nawo dera limodzi. Wofufuza akaphatikiza magulu awiriwa osawasiyanitsa, jini iliyonse yofala mwa a Fulani idzaoneka ngati ikuteteza, ngakhale ilibe nazo ntchito. Choncho amayerekeza odwala ndi osadwala a mtundu umodzi ndi dera limodzi, ndipo amafuna anthu zikwi zambiri, chifukwa ukayesa majini mamiliyoni pa anthu mazana ochepa, ena amaoneka ofunika mwangozi chabe.

Mayi mwakweza dzanja apo mukufunsa ngati mwana wa AS agonebe m'neti. Inde mayi, agone, ndipo akatentha thupi akayezetse tsiku lomwelo. Wa SS ndiye makamaka, chifukwa magazi ake ndi ochepa kale ndipo malungo amawatsitsa mwachangu. Tipume pang'ono, kenaka alangizi afotokoze za kumene mungakayezetse magazi.