Makalata a Omvera: Kodi Zachipatala ndi Udokotala Wokha?

Takulandiraninso, omvera athu, kuno ku Lilongwe. Tiyambe ndi kalata ya mtsikana wa ku Kawale yemwe wapempha kuti tisamutchule dzina.

Akuti: "Azakhali, ndinakhoza MSCE ndi mapointi 13. Bambo anga akuti pofunsira malo ku yunivesite ndilembe udokotala basi, zina zonse n'kutaya nthawi. Koma ine mtima wanga uli pa uzamba. Kodi ndikakhala mzamba ndiye kuti ndawononga mapointi anga?"

Mwana wanga, palibe chomwe ukuwononga. Ndilole ndiyankhule ndi bambo akowo, mwina wailesi ili pafupi nawo.

Bambo, ndikumvetsa komwe maganizo anu akuchokera. Mpaka mu 1991, pomwe College of Medicine inatsegulidwa ku Blantyre, Mmalawi wofuna udokotala ankayenera kukaphunzira kunja, choncho dzina loti dokotala linkamveka ngati la anthu osankhika. Koma Kamuzu College of Nursing inayamba kale mu 1979, ndipo kuyambira mu 2021 sukulu ziwirizi zili pansi pa yunivesite imodzi, Kamuzu University of Health Sciences, yomwe ambiri timangoti KUHeS. Mwana wanu akaphunzira unamwino ndi uzamba kumeneko adzatuluka ndi digiri pakatha zaka 4, ndipo sukulu ya unamwinoyo ili konkuno ku Lilongwe, pafupi ndi Kamuzu Central Hospital.

Ganiziraninso izi. Pa zipatala zing'onozing'ono za kumudzi nthawi zambiri sipakhala dokotala. Mayi akayamba kutaya magazi atangochira, kapena BP ikakwera mpaka kuyamba kukomoka, amene amaona msanga, kupereka mankhwala oyamba ndi kuitanitsa ambulansi ndi mzamba. Amenewo ndi mavuto omwe amapha amayi ambiri pa uchembere. Ntchito yotere imafuna mutu wa mapointi 13 omwewo, bambo. Ine zimandiwawa ndikamamva anthu akuti namwino ndi amene analephera udokotala.

Udokotala nawo ndi wabwino, koma mwana aulowe akuufuna yekha. Ndi zaka 6, kuphatikizapo chaka choyamba cha masayansi, kenaka miyezi 18 yogwira ntchito moyang'aniridwa pa chipatala chachikulu, Medical Council of Malawi isanamulole kuima payekha. Malo ndi ochepa, olimbirana ndi ambiri. Posankha sayang'ana mapointi onse pamodzi okha ayi, amayang'ananso mmene wakhozera Biology, Chemistry, Physics, masamu ndi Chingerezi. Ndiye iwe mwana wanga, fomu ya NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite ndi m'makoleji, ikatuluka, usalembe pulogalamu imodzi yokha. Ika uzamba patsogolo ngati ndi umene ukuufuna, uwonjezere ena. Mzuzu University nayo imaphunzitsa unamwino ndi uzamba.

Kalata yachiwiri yachokera kwa bambo wina wa ku Mitundu. Akuti: "Mnyamata wanga wasankhidwa kukaphunzira za mankhwala ku KUHeS. Tinavina tsiku limenelo, koma fodya sanayende bwino chaka chino. Ndigulitse ng'ombe?"

Bambo, ng'ombezo zibadikira kaye. Pali bungwe la boma lopereka ngongole kwa ophunzira osowa, Higher Education Students' Loans and Grants Board, lomwe linakhazikitsidwa mu 2015. Mnyamatayo atchere khutu nthawi yofunsira ikalengezedwa, alembe zoona zokhazokha za pakhomo panu, ndipo asachedwe. Si onse ofunsira amene amapatsidwa, komanso ndi ngongole yoti adzabweze akadzayamba ntchito. Konzekeraninso za thiransipoti ndi pogona, chifukwa maphunziro a za mankhwala amachitikira ku Blantyre.

Yomaliza ndi ya mnyamata wa ku Area 25. Akuti: "Ndinapeza mapointi 22, dzina langa silinatuluke. Munthu wina akuti ndimupatse ndalama andilowetse pa mndandanda wa unamwino. Ndipereke?"

Usapereke ngakhale tambala, achimwene. Malo a ku yunivesite ya boma sagulitsidwa pa foni, ndipo amene akukuuza zimenezo akangolandira ndalamayo, nambala yake sidzapezekanso.

Njira zilipo. Malawi College of Health Sciences ili konkuno ku Lilongwe, komanso ku Blantyre ndi ku Zomba, ndipo imaphunzitsa ma clinical officer, anthu omwe asenza ntchito yaikulu m'zipatala za maboma, mpaka kuchita opareshoni ya amayi ovutika pochira. Palinso makoleji a unamwino a mishoni omwe ali pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, monga ya ku Nkhoma. Ambiri anayambira pa dipuloma, n'kugwira ntchito, kenaka n'kukapitiriza digiri. Ngati sayansi ina inakugwetsa, ukhozanso kulembanso MSCE.

Koma usanalipire fizi pa koleji iliyonse, funsa ngati ndi yovomerezeka ndi NCHE, komanso ngati Nurses and Midwives Council of Malawi kapena Medical Council imazindikira maphunziro ake. Popanda chilolezo cha mabungwe amenewo, pepala lako silingakulowetse mu wodi. Ukafufuza, utilemberenso utiuze komwe wafunsira.