Madzi ovina a ku Anaheim, ndi funso lochokera ku Area 25

Moni nonse kulikonse komwe mukundimvera. Amene muli m'minibasi, amene mukupatula nsima, ndi inu anzanga a shifiti ya usiku kuno kunja, amene khutu limodzi mwandipatsa ine pomwe linalo likudikira belu la odwala, takulandirani. Ndine mchemwali wanu uja wa ku California, wosamalira okalamba.

Masabata apitawa ndinaika kavidiyo pa status ya WhatsApp: madzi akuuluka mumdima, ofiira, obiriwira, ena ngati golide, nyimbo ikugunda kumbuyo. Mauthenga anagwa ngati matalala. Ena akuti mwafikatu achemwali, ena akuti tigaireniko ya sopo. Koma achimwene ena a ku Area 25 ku Lilongwe ananditumizira voice note yosaseka n'komwe. Akuti pa nkhani amamva kuti ku California kuli chilala, kutchire kumayaka moto chaka ndi chaka, nanga madzi onsewo akuwamwaziranji m'mwamba, iwo akudzuka tambala woyamba kukaika chigubu pamzere? Achimwene, lero gawo lonse ndi lanu. Koma mundilole ndiyambe ndakufikitsani pamalopo.

Malowo ali mumzinda wa Anaheim, m'dera la Orange County, kummwera chakum'mawa kwa Los Angeles. Pali mapaki awiri a zisangalalo a kampani ya Disney oyang'anizana zipata. Wakale ndi Disneyland, anamutsegula mu 1955 pomwe kale panali minda ya malalanje. Winayo ndi Disney California Adventure, wa mu 2001, womangidwa pomwe panali poimika magalimoto. Chionetsero chimene munaona chija chili mu paki yachiwiriyi, dzina lake World of Color, ndipo chinayamba pa 11 June 2010.

Ndinapita ndi mnzanga wa ku Chipata amene timagwira limodzi ntchito, ndi ana ake awiri obadwira konkuno. Tikiti ya munthu wamkulu tsiku limodzi imayambira pa madola 104 masiku opanda anthu ambiri, ndipo nthawi ya tchuthi imadutsa 200. Musandifunse kuti ndi makwacha angati. Ndinasiya kalekale kutembenuza mitengo ya kuno, munthu ungakwere BP uli chiimire pa chipata.

Masana mukadutsa pa dziwe lawo, lomwe amalitcha Paradise Bay, simungaganize kanthu. Ndi madzi odekha, abakha akusambira, kutsidya kuli chigudumu chachikulu chija anthu amakwera n'kumazungulira nacho m'mwamba. Chinsinsi chili pansi pa madzi. Anamizamo chithandala chachitsulo, ndipo pamwamba pake anamangirirapo timipopi pafupifupi 1,200, kalikonse ndi nyali yakeyake yosintha mtundu. Masana chimabisala. Kukamada, makina amachikweza pang'onopang'ono mpaka timitu ta mipopi tiyambe kusuzumira. Akafuna kukonza amachitukula chonse kunja kwa madzi, amisiri n'kumayenda pamwamba pake.

Malo oonera sitinangofikirapo chisawawa. Nthawi imene tinapitayo, ikakwana 12 koloko masana, aliyense amene walowa kale mu paki ankawerama pa foni kulimbirana malo pa app yawo. Mwana wamkulu wa mnzanga ndiye anatigwirira ntchitoyo, zala zake n'zachangu kuposa zathu. Madzulo tinakaima kutsogolo kwenikweni, pa chitsulo chotchinga m'mbali mwa madzi, pomwe analemberatu kuti mukaima apa munyowa. Ana anasankha dala.

Nthawi itakwana, nyali zonse zozungulira dziwe zinazima, ndi za pa chigudumu chija zomwe. Khamu lonse linati zii. Kenako nyimbo, ndipo madzi anayamba motsika, ofika m'chiuno basi, akupendekera uku ndi uku onse pamodzi. Apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake anthu amati madziwo amavina: timipopi tina timatembenuka mutu, ndiye madzi akamatuluka amawinduka, amagwada, amadzukanso, ndendende ndi kugunda kwa nyimbo. Nyimbo itakwera, mipopi ya pakati inaphulika. Phwaa! Madzi amenewo amafika mamita 60, kupitirira nsonga ya chigudumu. Khosi limachita kuwawa poyang'ana, ndipo akamagwa mumamva chiphokoso chake pansi pa nyimboyo.

Chimene foni yanga inalephera kujambula bwino ndi chinsalu cha nkhungu. Kumbuyo kwa dziwe kuli mipopi ina yomwe sitaya madzi molunjika, imawafafaza osalala kwambiri mpaka apange khoma la nkhungu, lotalika mamita oposa 100 kuchoka uku kufika uko, ndi mamita ngati 15 kupita m'mwamba. Pa khoma limenelo ndi pomwe mapulojekita amaonetserapo makatuni. Palibe nsalu, palibe chipupa. Nkhope ya katuni imangoima m'malere, yaikulu kuposa nyumba, ndipo kamphepo kakadutsa chithunzi chimang'ambika pakona, chimagwedera, n'kudzilumikizanso chokha. Ine makatuniwo sindinawatsatire kwenikweni, ana ndiwo amatchula mayina. Maso anga anali pa kung'ambika ndi kulumikizana kumeneko.

Pena moto umalilima pamwamba pa madzi, kutentha kwake n'kukufikani kumaso, nthawi yomweyo nkhungu yozizira ikukugwerani m'mutu. Imanyowetsa ngati chiperoni cha ku Thyolo, simudziwa kuti mwanyowa liti, mumangozindikira juzi yalemera. Kamtsikana ka mnzanga kanali katagwira chitsulo ndi manja onse awiri, kukamwa kuli yasa. Timadontho tinadzaza m'tsitsi lake loluka, ndipo nyali zikasintha, mutu wake nawo umasintha, pano wofiirira, pano wabuluu. Pambali pathu panali agogo aamuna pa njinga ya olumala, bulangete lawo la pamiyendo likunyowa, achibale awo onse mafoni ali m'mwamba. Ntchito yathuyi imakutsatira ngakhale pa tsiku lopuma. Ndinangowerama n'kuwapindira bulangetelo mkati, iwo n'kundigwedezera mutu osachotsa maso pa madzi.

Zonsezi zimatha pasanakwane theka la ola. Nyali zimayaka, anthu n'kuyamba kukankhana ndi zikuku za ana polowera kuchipata.

Tsopano achimwene a ku Area 25, tiyeni ku funso lanu.

Choyamba, madzi amene munaona akuuluka aja sachoka pampopi wa mzinda usiku uliwonse ayi. Ndi a m'dziwe lomwelo. Mapampu amawakoka, amawaponya, amagweranso momwemo, mawa lake omwewonso. Otayika ndi aja ouma ndi dzuwa ndi aja amene mphepo inatipaka ife. Ndipo si nkhani ya kukoma mtima chabe. Pa chilala chachikulu cha 2012 mpaka 2016, boma la California linaletsa kuthira madzi akumwa mu kasupe wokongoletsera aliyense pokhapokha ngati madziwo akuzungulira kubwerera pomwe achoka. Mu April 2015 bwanamkubwa Jerry Brown analamula kuti mizinda idule madzi ogwiritsa ntchito ndi 25 peresenti. Agogo aakazi amene ndimawasamalira amaikumbukira bwino nthawi imeneyo. Akuti kapinga wa pakhomo pawo anauma n'kusanduka wotuwa, kutsuka pabwalo ndi paipi kunali kuswa lamulo, ndipo ku lesitilanti samakuikirani madzi patebulo pokhapokha mutapempha. Mpaka lero ndikamawasambitsa, ndikachedwa kutseka shawa powapaka sopo, amandigogoda pamkono.

Chachiwiri ndi chimene chinandikhazika pansi. Pomanga chithandala chija anayenera kuphwetsa dziwe lonse. Njira yachidule ikanakhala kutsegulira madziwo m'ngalande apite ku nyanja ya Pacific. A Disney anagwirizana ndi bungwe loyang'anira madzi a pansi pa nthaka kuno, la Orange County Water District, madziwo anakayeretsedwa n'kusungidwa pansi pa nthaka, ndipo ntchito itatha dziwe analidzazanso.

Kusunga madzi pansi pa nthaka kumeneku ndiye nkhani yeniyeni ya dera lino. Kuno mvula ndi yochepa. Imagwa miyezi yofanana ndi kwathu, kuyambira cha mu November mpaka March, kungoti kuno imeneyo ndi nyengo yozizira, ndipo chaka chonse nthawi zambiri sikwana mamilimita 400. Lilongwe imalandira kuwirikiza kawiri. Madzi ena amachita kuwaitanitsa kutali, ku mtsinje wa Colorado ndi kumpoto kwa California, kudzera m'ngalande za makilomita mazanamazana. Ndiye anakhala pansi n'kufunsana: nanga aja timatsitsa m'zimbudzi, m'mabafa ndi m'masinki, tiziwataya m'nyanja chifukwa chiyani?

Mu 2008 anatsegula malo oyeretsera madzi ku Fountain Valley, dzina lake Groundwater Replenishment System. Amalandira madzi a suweji amene ayeretsedwa kale koyamba, n'kuwadutsitsa masitepe atatu. Poyamba amawakokera m'timachubu ta timabowo tosaoneka ndi maso, tomwe timagwira zinyalala ndi tizilombo. Kenako amawakankha mwamphamvu pa zosefera za reverse osmosis, zomwe zimatsekereza ngakhale mchere, mavairasi ndi zotsalira za mankhwala. Pomaliza amawathira mankhwala otchedwa hydrogen peroxide n'kuwawalitsa ndi kuwala kwa UV komwe kumapha tizilombo. Akamatuluka amakhala oyera mopitirira muyeso, moti amachita kuwabwezeramo timichere tina kuti asadye mapaipi. Anayamba ndi magaloni 70 miliyoni patsiku, ndipo atakulitsa komaliza mu 2023 anafika pa 130 miliyoni, omwe ndi malita pafupifupi 490 miliyoni, okwanira anthu ngati miliyoni imodzi.

Madziwo sawatumiza kumipopi mwachindunji. Ena amawapopera m'zitsime za kufupi ndi gombe kuti akhale ngati mpanda, madzi amchere a m'nyanja asalowerere pansi pa nthaka. Otsalawo amapita pa chipaipi mpaka ku Anaheim komweko, n'kuwathira m'maiwe a mchenga kuti alowe okha pansi. Patapita nthawi zitsime za mizinda zimawakokanso. Ndiye achimwene, mumzinda womwewo momwe madzi amavina usiku, chapatali pang'ono pali maiwe ena opanda nyali, opanda nyimbo, opanda wojambula, momwe madzi amene anthu anatsitsa m'chimbudzi akubwerera mwakachetechete kukakhala akumwa.

Ndikudziwa ena mwakwinya kale nkhope. Mnzanga wa ku Chipata uja nditamufotokozera analavula, akuti iye ndi wa m'botolo basi. Ine ndimamwa a pampopi, tiyi wa agogo ndimaphikira omwewo. Ndipo tisanamizane, abale anga. Kwathu m'makomboni ambiri chitsime ndi chimbudzi chokumba zimayang'anizana pa puloti imodzi, mvula ikagwa zapansi zimapatsana moni. Kusiyana kwake n'kwakuti pamenepo palibe chosefera pakati. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inatenga anthu oposa 1,700 m'Malawi. Munthu amene anaona zimenezo sangaseke anthu amene amayeza madzi awo usana ndi usiku asanawabwezere pansi.

Sindikunena kuti tikatengere makina amenewa ku Lilongwe mawa. Reverse osmosis imadya magetsi osaphethira, zosefera zake zimafuna kusintha, ndipo zonsezo ndi madola. Ife vuto lathu silofanana ndi lawo: nyanja tili nayo yamadzi abwino, Shire akuyenda chaka chonse, chotisowa ndi njira yofikitsira madziwo pakhomo la munthu ali oyera. Koma pa funso lanu lakuti kodi anthuwa sakuwononga madzi, yankho langa ndi lakuti pa dziwe lija ayi. Mukafuna powadzudzula, ndikuonetsani kapinga wobiriwira wothiriridwa pakati pa chilimwe kutsogolo kwa nyumba zomwe palibe mwana amaseweramo, ndi madamu osambiramo kuseri kwa nyumba amene mwini wake amalowamo kawiri pachaka. Pamenepo ndingakuthandizeni kukalipa.

Kwa inu a "mwafikatu achemwali": m'mawa mwake kusanache ndinali nditavala kale yunifolomu, ndikusintha zofunda za agogo, miyendo ikuwawa ndi kuima kwa dzulo lake. Ya sopo tikambirana kumapeto kwa mwezi.

Amene muli konkuno ndipo mukufuna kupita ndi ana, mverani izi. Sankhani tsiku la pakati pa sabata masukulu ali otsegula, tikiti imatsika ndipo mizere imafupika. Yang'anani zanyengo musanalipire, chifukwa mphepo ikalimba, makamaka ija youma ya Santa Ana, amachepetsa madzi aatali aja, pena chionetsero amachiimitsa kumene. Tengani juzi ngakhale masana kutenthe bwanji, usiku wa kuno umazizira ndipo mukhala mutanyowa. Ngati muli ndi ana aafupi, limbirani kutsogolo pa chitsulo, apo ayi adzangoona misana ya anthu ndi ana anzawo okwezedwa pamapewa. Chionetserocho amachisinthasintha, nyengo ya Khirisimasi chimakhala china, choncho amene munapitako kale musadabwe mukapeza nyimbo zina.

Sabata yamawa tikamba za layisensi yoyendetsera galimoto kuno, chifukwa ambiri mwafunsa ngati ya kwathu imagwira ntchito. Mafunso pitirizani kutumiza, koma chonde ma voice note a mphindi naini ndimawamvera ndili pa basi, fupikitsaniko. Achimwene a ku Area 25, mundiuze ngati ndakuyankhani. Tsalani bwino nonse.