Za mawu aja akuti grotesque

Halo, mphwanga, ndine malume ako. Ndili mu kombi kuchokera ku Mbare kuno ku Harare, phokosoli usadabwe nalo. Mawu a Chingerezi aja wandifunsa, grotesque. Poyamba katchulidwe: uziti gro-tesk, ukutsindika kumapetoko. Zilembo zitatu zomalizazo, q, u, e, zimangomveka ngati k basi. Osati grotesikyu ayi. Ndabwereza, osati grotesikyu.

Tsono tanthauzo lake... iyayi, dikira, ndiyambe ndi pomwe ndinagwa ine. Ndili mnyamata, ndikugwira ntchito ya m'dimba ku Borrowdale, abwana anagula chosema chamwala, n'kundifunsa kuti ndachiona bwanji. Ine m'mutu mwanga ndimati grotesque ndi m'bale wake wa great, zoyamikira. Ndiye ndinayankha kuti grotesque, mano onse pamtunda. Abwana duu, kungondiyang'ana. Wophika ndiye anandikokera kuseri n'kunditsina khutu: watukwanatu iwe.

Ndiye mvetsa. Si kuipa wamba, kuipa wamba ndi ugly. Grotesque ndi chinthu chopotoka, chopindika, chosakhala mwa chibadwa chake, mphuno yakula kuposa mutu, choti ukachiona sudziwa kaya useke kaya uthawe. Wamva? Chopotoka. Mawuwa anachokera ku Italy, kumeneko grotta ndi phanga. Ku Rome, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1400, anthu anatulukira nyumba ya mfumu Nero itakwiririka m'dothi, akumalowamo ngati m'phanga, m'makoma muli zithunzi za munthu theka, nyama theka, kwinaku akuphuka masamba. Dzina linachokera pamenepo.

Pamayeso a ZIMSEC, bungwe la mayeso kuno ku Zimbabwe, uziwaika patsogolo pa chinthucho, a grotesque statue, choncho. Amagwiranso pa khalidwe, monga wina kutaya chakudya anansi ake akugona ndi njala. Koma nkhope ya munthu, makamaka wolumala, usayerekeze.

Ee, ndi gule. Msuweni wako wa ku Mufakose ndinamuuza, osamva. Analemba kuti zigoba za Gule Wamkulu ndi grotesque, n'kukawerengera agogo ake monyadira, akumasulira. Agogo anangodzuka, chakudya osadya. Mzungu wodutsa anganene choncho, iwe ayi, zija ndi zilombo za makolo, ngakhale a UNESCO anazilemekeza mu 2005. Zigoba zina n'zopotokadi, amazipotoza dala kuti... ah, ndafika pa Copacabana, nditsike. Gro-tesk, wamva? Uwapatse moni amayi ako.